Jekete la Apongozi a Lennah

Lennah ndi mayi wa mwana mmodzi, Jeremy, wa zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Kwawo ndi ku Lizulu, komwe adakulira pamsika akuthandiza mayi ake kugulitsa kabichi ndi mbatata ya kachewere kwa anthu a m'mabasi. Sukulu adalekezera Sitandade 7. Ku Dubai kuno adabwera potsatira amuna ake, a Luckson, omwe ndi kapitawo wa amakaniko pagalaja ina ku Ras Al Khor. Amakhala ku Al Muraqqabat, m'nyumba yosanja, m'chipinda chogawidwa ndi matabwa. Wa kuseri akayetsemula, umamva ngati wayetsemulira m'khutu mwako. Azimayi a kutchalitchi amamudziwa Lennah ndi chikwama chake. Mwana wa wina akadzithira tiyi, kapena batani likathothoka, onse amangoti, "Kafunseni make Jeremy." Mumapezeka singano, kansalu, timapaketi ta shuga ndi ta mchere, ndi botolo la madzi lomwe silichokamo.

Mwezi wa Epulo chaka chino kudabwera apongozi ake kuchokera ku Tsangano, a Lameck ndi akazi awo anaNgozo, kudzaona mdzukulu. Kwawoko mtengwa sayankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Sadya iwo akuona, sakhala nawo mpando umodzi, ndipo akakumana panjira iye amapatukira kutchire. Koma ku Muraqqabat tchire ulipeza kuti? A Lameck akalowa m'lifiti, Lennah ankakwera masitepe, nsanjika zinayi, mwana ali kumsana. Bedi adawasiyira akuluakuluwo, iye n'kumakagona kwa mnzake wa ku Chipata kuseri kwa matabwa. Zoyankhula zonse zinkadzera mwa Jeremy.

"Jeremy, auze agogo kuti madzi osamba atentha."

"Jeremy, uwathokoze amako."

Mwini wake wotumidwayo amakhala ali pansi pa tebulo, akutafuna silipasi.

Mwezi womwewo Lennah adapeza ntchito yolera ana kwa banja lina ku Festival City. Inali ntchito yogonera konko, kubwera kunyumba Lamulungu lokha, ndipo amayenera kuyamba Lolemba lotsatira apongozi akachoka. Maganizo ake anali oti masana Jeremy azikhala kwa mnzake uja, madzulo azimutenga bambo ake. Koma anaNgozo atangomva, adayamba nyimbo yosatha: "Mwanayu tipite naye. Kumudzi akamwa mkaka, akathamanga pabwalo ndi anzake. M'bokosi muno akulamo bwanji?" Lennah sakadawayankha. Ankadikira amuna ake pamasitepe, n'kuwauza kuti mwana wake sapita kulikonse. A Luckson ankangoti, "Khalas, basi, ndamva. Usadandaule."

Loweruka lomaliza, ndege ya akuluakulu ili ya Lachitatu, bwana wa a Luckson adawapatsa matikiti a kupaki ina yamasewero ya kunja kwa mzinda, ya zokwera zozungulira ndi sitima zothamanga m'mwamba. Adafika cha m'ma 11 koloko. Pageti adawamanga timalamba tapepala pamkono, n'kuwauza kuti wotuluka salowanso. Asanayende ngakhale mapazi khumi, foni ya a Luckson idalira. Lole ya kasitomala wamkulu inali itafera pamsewu.

"Ola limodzi lokha, ndabwera," adatero a Luckson, akuyenda chafutambuyo.

"Mukundisiya ndi ndani?" Lennah adanong'ona.

"Si bambo ndi mayi awa? Amaluma?"

Adatuluka, kalamba kali pamkono. Lennah adayang'ana geti lija likudzitseka lokha, ndipo adadziwiratu kuti tsikuli ndi lake yekha.

Pakiyo ndi yaikulu kuposa msika wa Lizulu kakhumi, koma cha anthu anayi amenewa munalibe. Pafupifupi pachokwera chilichonse pali ndodo yoyezera msinkhu, ndipo Jeremy sankafika pamzere wofiira ngakhale atanyang'ama ndi zala. Pambali pake pali chikwangwani chojambulidwa mtima, choletsa okalamba ndi odwala BP. A Lameck amamwa mapiritsi a BP m'mawa uliwonse. AnaNgozo ali ndi nyamakazi m'mawondo ndi m'zala. Ndiye ankangoyenda mondondozana: a Lameck patsogolo, anaNgozo pakati, Lennah kumbuyo akukankha kangolo ka mwana kopanda mwana, poti Jeremy adakana kukhalamo ndipo ankafuna pamkono pa make basi.

Adapeza timahatchi tozungulira tomwe ana aang'ono amaloledwa. Adaima pamzere theka la ola. Atafika kutsogolo, Jeremy adayang'ana mano a kahatchi kamatabwa kaja, n'kukakamira khosi la make ndi manja onse awiri. Adabwerera osakwera. Kenako munthu wovala chinyama chaubweya chamutu waukulu adabwera akuvina, manja atatambasula. Jeremy adakuwa mpaka kudzikodzera.

"Gule wa kuno ndi waulemu," adatero anaNgozo. "Akupatsa anthu moni wa pamanja! Koma m'katimo mwana wa eni wapsa."

Dzuwa lidafika pamutu. Simenti inkaotcha kudzera m'nsapato. A Lameck anali atavala jekete lawo lakuda la kumisonkhano ya madikoni, mabatani onse atatu atamanga, ndi tayi pakhosi.

"Jeremy, auze agogo avule jekete, ndiwanyamulire."

"Jeremy, auze amako kuti ine si mnyamata wa mpira." Adasisita pachifuwa, mbali ya kumanzere, monga ankachitira kuyambira m'mawa.

Benchi la pamthunzi adalipeza limodzi lokha. Akuluakulu adakhalapo, malo a munthu mmodzi n'kutsala pambali pa a Lameck. Lennah adaima padzuwa. Adawagulira tchipisi ndi nkhuku, nawapatsa atagwada pasimenti yotenthayo, azungu awiri odutsa mpaka kucheuka. Iye sadadye. Akadadyera kuti? Kuchoka kunali kuwasiya okha anthu osadziwa chinenero cha pano, ndipo akangosuntha pang'ono Jeremy ankathamangira kumadzi otumphuka pansi. Adaimbira a Luckson kanayi. Foni inkangoitana.

Cha m'ma 2 koloko anaNgozo adaloza chigudumu chachikulu chomwe chimazungulira pang'onopang'ono, chonyamula tizipinda tazitsulo ngati makola a nkhunda.

"Tikwereko ichi, tikapeze chokamba kumudzi. Nanga akatifunsa tikati tidapita kukaonerera anzathu akusewera?"

Pamenepo panalibe ndodo yoyezera, panalibenso chikwangwani cha mtima. Lennah adafuna kutsala pansi. Adapereka Jeremy kwa agogo ake aakazi, koma mayi woyang'anira pachitseko adapukusa mutu: mwana wamng'ono chonchi akwere ndi make. "Yalla, mama, yalla!" adamufulumizitsa m'Chiarabu. Anthu a kumbuyo ankakankha. Asanaganize bwino, Lennah adapezeka ali m'kati, chitseko chakhomedwa kunja.

Mipando inali iwiri, yoyang'anizana. Akuluakulu adakhala umodzi, iye winawo. Pakati pa mawondo ake ndi a apongozi ake aamuna padatsala mpata wa chikhatho. Adapotoza thupi, nkhope n'kuloza kuzitsulo, khosi likuwawa. Ankadziuza kuti ndi kanthawi kochepa, chizungulira kamodzi n'kuwatsitsa.

Atafika pamwamba penipeni, chigudumu chidagwedezeka kamodzi, n'kuima.

Poyamba ankayesa ndi momwe chimachitira. Kenako sipika idayankhula m'Chiarabu, n'kubwereza m'Chingerezi. Lennah adatolapo zinthu ziwiri: akupepesa, ndipo adikire. Pansi anthu ankaoneka ngati nyemba zomwazika, kutali mchenga wokhawokha. Denga la kachipindako linali lachitsulo, ndipo kamphepo kolowa m'mipata kanali ngati ka pachitseko cha uvuni. Jeremy adalira, adamenya zitsulo, adaliranso, mpaka tulo tidamuba pachifuwa cha make, thukuta lili kamukamu.

Padapita mphindi makumi awiri.

"Abambo ake Luckson," anaNgozo adaitana. "Abambo ake Luckson, mukugona?"

Lennah adayang'ana mobera. Nkhope ya a Lameck inali itatuwa, milomo itauma. Thukuta linali litasiya kutuluka. Mutu udagwera paphewa. AnaNgozo adayesa kumasula batani, koma zala zawo zopindika zinkangoterereka. Adayamba kuitana Yesu mobwerezabwereza.

Jeremy, woti amutume, anali m'tulo. Lennah adamuika pamiyendo ya agogo ake aakazi, nagwada pakati pa mipandoyo, kachipinda kakupendama uku ndi uku. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire, adagwira thupi la apongozi ake. Adamasula tayi ndi mabatani atatu aja, nasolola mikono m'jekete umodziumodzi ngati akuvula mwana. Adanyowetsa kansalu n'kuwapukuta pakhosi ndi kumutu. Adang'amba timapaketi ta shuga ndi mchere, nathira m'madzi otsala, n'kumawamwetsa pang'onopang'ono ndi chivindikiro cha botolo.

"Imwani, bambo. Mezani. Enanso."

Pomwe ankawakupiza ndi jekete lija, m'thumba la m'kati mudagwa envulopu, n'kukhuthukira pansi. Munali mapasipoti atatu ndi pepala la ndege. Lennah sawerenga Chingerezi mwachangu, koma mayina amawadziwa. Dzina loyamba linali la a Lameck, lachiwiri la anaNgozo, lomaliza JEREMY. Adatsegula pasipoti yomwe inali yosakwinyika: nkhope ya mwana wake ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, chala cha iye mwini chikuoneka pang'ono kuseri kwa khosi pomwe ankamuchirikiza pojambulitsa. Pasipoti imeneyi adaisunga yekha pansi pa sutikesi, m'kati mwa diresi la ukwati. Wina wodziwa malowo anali mmodzi yekha.

Adabweza mapasipoti awiri enawo ndi pepala lija m'envulopu. Ya Jeremy adailowetsa m'bulauzi, m'kamisolo, pakhungu penipeni. AnaNgozo adaona zonse.

"Make Jeremy, timati tikuuzeni Lachiwiri."

"Lachiwiri, kapena pabwalo la ndege?"

"Amuna anu ndiwo adati mukadziwiratu mulira masiku ambiri."

"Ndiye adandimvera chisoni eti?"

A Lameck adatsegula maso. Adadziona ali m'malaya okha, tayi ali pansi, mtengwa wagwada mawondo ake akukhudza nsapato zawo. Dzanja lidathamangira pachifuwa. Adatola envulopu, napisamo chala. Kenako adayang'ana mdzukulu wogonayo nthawi yaitali, ngati adzuka kuti awanenere. Sadadzuke.

"Mayi," adatero potsiriza, mawu atasasa, "muli kanthu kasowa umu."

Lennah adayang'ana pansi, koma mawu adatuluka. "Kali ndi ine, bambo."

"Tikiti idadulidwa kale."

"Ndaona. Koma mwana ine sindidamupereke. Palibe adandifunsa. Kwathu mwana sachoka popanda mawu a make ndi a malume ake. Mukadatuma ankhoswe, ndikadawayankha."

"Bweretsani kuno, tikakambirana bwino kunyumba," adatero anaNgozo, atatambasula dzanja.

"Asiyeni," a Lameck adawaletsa. "Pomwe yalowapo, dzanja langa silifika. Lanunso lisafike. Munthu wandimwetsa madzi ndi chivindikiro ngati mwanapiye." Adapuma kaye, nameza malovu. "Koma mayi, ndikufunseni ine mwini, poti lero tayankhulana. Lolemba inu mukukalera ana a eni. Uyu azidzuka m'bokosi muja, make kulibe, bambo ake ali kunsi kwa malole. Masiku asanu ndi limodzi sabata iliyonse. Pamenepo ndiye kuti mwamusunga?"

Lennah adagwira pachifuwa. Pasipoti inkamata pakhungu ndi thukuta, ngodya yake ikumubaya.

Chigudumu chidalira, n'kuyamba kutsika. Pansi adawalandira ndi madzi ozizira ndi njinga ya odwala, ndipo anesi adawagoneka a Lameck ola lathunthu m'chipinda chozizira. A Luckson adafika pageti dzuwa litapendeka, ovololo ili girisi yekhayekha, naimba foni kuti atuluke poti iwo sangalowe. Adakwera takisi. Atafika kunyumba, akuluakulu adalowa m'lifiti, Lennah n'kuwagwira amuna ake malaya pamasitepe.

"Sutikesi yanga musadzaigwirenso."

"Ndimathandiza iwe yemwe, Lennah. Ukanatha bwanji?"

"Mukadandifunsa."

Lachitatu akuluakulu adakwera ndege awiri. Lolemba Lennah sadapite ku Festival City. Funso la pachigudumu lija lidamukanika kuyankha, ndiye adatumiza uthenga wa mawu kwa madamu wa banja lija, kupepesa. Madamu adangoyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba, n'kupeza wina tsiku lomwelo. A Luckson masiku ano amabwera, kudya, n'kutembenukira kumatabwa.

Lennah akufunafuna ntchito yoyendera, yopita m'mawa n'kubwera madzulo, koma zoterozo n'zosowa. Kunja tsopano kwatentha moti mwana sungatuluke naye masana. Amakhala awiri m'chipinda muja, fani ikuzungulira, Jeremy akuthamanga kuchoka pabedi kufika pachitseko, mapazi anayi, n'kubwereranso. Azimayi a kutchalitchi akamufunsa ngati adachita bwino, amati sakudziwa. Pasipoti sadaibwezere m'sutikesi. Amayenda nayo pathupi, ndipo akamasamba amaikulunga m'pulasitiki, n'kuipachika pamsomali wa kuseri kwa chitseko, pomwe akuiona.