Magalasi Oonera Mbalame

Chaka chimene ndinayamba uphunzitsi kwathu ku Mulanje, ndinadziputira mavuto chifukwa cha mbalame. Kumunsi kwa mudzi wathu, cha kumalire a Mozambique, kunali dambo lalikulu limene a zankhalango analetsa kutchamo misampha ndi kutenthamo. Mkulu amene ankaliyang'anira anali yekha, miyendo itayamba kale kumukana. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi anapempha munthu womuthandiza Loweruka lililonse, ndipo ananeneratu kuti malipiro palibe. Anthu onse anazolika. Ine ndi kupusa kwa unyamata ndinakweza mkono.

Ntchito yake inali kulambula tinjira m'bango, kuchotsa timitengo ta ulimbo ndi kuona ngati zisa zili bwino. Mkulu uja anandibwereka magalasi oonera patali, ndipo kunena zoona ndinawakonda koopsa. Dzinja litafika, dzuwa likuswa mtengo m'mawa, mvula ikukhuthuka masana, dambo lonse linkachita phokoso ngati msika wa ku Limbuli. Achule sankapuma. Akakowa ankayera mbuu m'mphepete, atsekwe ankatera ndi ana awo, nantchengwa ankanyamula zinyalala kupita nazo kuchisa chake chachikulu chija, ndipo tsiku lina ndinaona katumbu akutafuna nkhanu atagona chagada m'madzi. Misundu inkandimata m'miyendo koma sindinkadandaula.

Chimene ndinaiwala n'chakuti masiku amenewo munthu sankagwira ntchito yaulere mwa kufuna kwake. Makolo athu anaidziwa thangata. Ife tinkaumba njerwa za chitukuko anyamata a chipani ataima kumbuyo kwathu. Ndiye wina akamalowa m'matope Loweruka, wosakakamizidwa, wosalipidwa, magalasi ali m'khosi, nkhope ataloza kumalire, anthu akanaganiza chiyani? Ankati ameneyu ndi kazitape wa boma, amalandira kwina. Pachitsime amayi ankasintha nkhani ndikamadutsa. Anzanga a bawo anayamba kutamanda boma mokweza ndikangokhala pansi, zimene zinkandinyansa kwabasi, poti dzana lomweli tinkang'ung'udza limodzi za makhadi a chipani.

Matendawa anandigwira nanenso. Mkulu wa dambo akandifunsa kuti, “Mwaonako chiyani lero, aphunzitsi?” ndinkamuyang'ana kaye kumaso. Kodi akufunsa za mbalame zokha? Nanga magalasi odula chotere anawapeza kuti? Ndinkayankha za atsekwe basi, ndipo iyenso ankandiyang'ana cham'mbali.

Za anthu akunja ndikanapirira. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi mayi anga. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo mayi anandiphunzitsa sukulu ndi dengu la tiyi kumsana. Sitinkabisirana kanthu. Madzulo ena akusenda kalongonda anandifunsa osandiyang'ana.

“Kodi iwe, mbalame zimenezi umadya?”

“Ayi amayi, ndimangoziona.”

“Ukaziona, n'kukauza ndani?”

“Palibe. Ndimangosangalala nazo.”

“Eeh,” anatero, n'kupitiriza kusenda.

Nthawi imeneyo kutsidya kunali nkhondo, ndipo abale a anthu a m'mudzi mwathu ankawoloka mozemba kudzera m'dambo lomwelo. Ndinkawaona koma sindinkauza munthu. Loweruka lina m'mawa ndikutsata mbalame ya chiswankhono ndi magalasi, ndinaona bambo wina akutuluka m'bango, madzi ali m'chiuno, kamtolo kali pamutu. Ndinamuzindikira ndi katsimphinidwe kake. Anali malume, mlongo wawo wa mayi, amene tinali titataya mtima kuti ali moyo. Ndinafuna kukuwa, koma mkulu uja anali pafupi, choncho ndinameza mawu n'kugwira ntchito mpaka masana.

Ndinafika kunyumba ndikuthamanga. Mayi anali pakhonde, chitseko cha kuchipinda chili chotseka, ndipo pachingwe panali buluku lonyowa limene silinali langa.

“Amayi, ndawaona amalume kudambo! Ali m'nyumba?”

Nkhope yawo inagwa. Maso awo anapita pa magalasi amene anali pachifuwa panga.

“Malume ako ati? Kuno sikunabwere munthu.”

“Amayi, ndine mwana wanu.”

“Ndikudziwa,” anatero. “Kuno sikunabwere munthu.”

Anandituma kumsika kukagula mchere, mchere uli tho m'chitini. Ndinapita, chifukwa ndikanakana ndikanangowonjezera mantha awo. Pobwera ndinapeza chitseko chili pululu, buluku palibe. Mayi anali atawapititsa malume kwa abale ena amene mpaka lero sindinauzidwe. Munthu amene anandisemera mpini wanga woyamba anathawa nkhondo, n'kudzathawanso ine. Ndinakwiya, ndinalira, ndipo sindinadziwe woti ndimukwiyire.

Loweruka lotsatira ndinabweza magalasi. Mkulu uja anawalandira osafunsa chifukwa, mwina naye anapumira m'mwamba. Atsekwe anali akuyandama bwinobwino, osadziwa kanthu, ndipo zinandiwawa kuwasiya. Koma ndinkati mayi akaona khosi langa lopanda kanthu, mtima wawo ukhala pansi, mwinanso andiuza kumene kuli malume.

Mayi ndinawapeza akupeta mpunga. Ndinakhala pansi pafupi nawo ngati kale.

“Amayi, za kudambo ndasiya. Magalasi ndabweza. Sindidzapitakonso.”

Anaika lichero pamiyendo n'kundiyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwawo munali chisoni chenicheni, cha mayi amene akudera nkhawa mwana wake. Kenaka anatsitsa mawu kuti oyandikana nawo asamve.

“Ndiye tsopano akutuma kuti, mwanawe?”