Ndodo ya Gofu Yoyang'ana Kumanzere

Ndikukumbukira kansalu kobiriwira kamene azakhali ankandimangira dzanja lamanzere nthawi ya chakudya. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi atangomwalira ku Dedza, ine n'kutengedwa kukakhala kwa azakhaliwo ku Biwi. Ndinabadwa wamanzere, ndipo kwa azakhali limenelo linali tsoka loposa umasiye. "Mtsikana wanji wopatsira alendo madzi ndi lamanzere? Udzatichititsa manyazi ku ukwati iwe," ankatero uku akukoka mfundo. Sanali ankhanza ayi, iwo ankati akundikonza.

Koma ndi lamanja ndinkadzitayira ndiwo ngati khanda, ana awo n'kumaseka mpaka kutsamwa. Kusukulu rula inkandipeza pazala ndikangosinthira pensulo ku dzanja loletsedwalo. Pa fulaye panalibe wondifuna, poti mpira wanga unkapita kumene ukufuna wokha. Ndinazolowera kukhala ndekha kuseri kwa nyumba, ndipo ndinkawasowa amayi koopsa.

Kuseriko kunali kachipinda ka lendi, mmene munkakhala a Makwinja, bambo wachikulire wa ku Phalombe, wopanda mkazi ngakhale mlendo wowayendera. Ntchito yawo inali yonyamulira mabwana zikwama ku bwalo la gofu. Ndodo zachitsulo zimene mabwanawo atopa nazo ankazitola n'kuziunjika pakona.

Tsiku lina anandipeza ndikugenda khoma ndi zitsononkho, ndi lamanzere, poti panalibe wondiona. Anaima kanthawi, kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mtolo wa ndodo zija ndi timipira toyera ta gofu.

"Iwe mwana, tiye kudambo ukasankhe yako."

Tinatsetserekera kumene amayi a m'deralo ankathirira masamba awo. Ndinasankha yonyezimira kwambiri, ndani akanaisiya? Ndinaigwira monga anandionetsera, ndinamenya, koma ndinangokumba dothi. Ndinatenga ina, ndinamenya mphepo. Misozi inalengeza m'maso.

"Basi, ine palibe chimene ndimatha," ndinatero.

"Usawanamizire manja ako. Tayesa iyi."

Inali yadzimbiri, chogwirira chake chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo mutu wake unayang'ana kosiyana ndi zinzake zonse. Anandiimika mbali inayo ya kampira. Ndinakweza, ndinatsitsa, phaa! Kampira koyera kaja kanauluka kupitirira mabango. Abale inu, chichitikireni maliro a amayi, thupi langa linali lisanandimverepo choncho. Ndinaseka mokweza mpaka kudabwa ndi mawu anga omwe.

"Imeneyo ndi ya amanzere," anatero a Makwinja. "Ndi yako."

"Nanga inu munaisungira ndani?"

Anatambasula dzanja lawo lamanzere n'kuliyang'ana ngati la munthu wina. "Nanenso ndinabadwa ngati iwe. Anandimanga, ndinamvera. Ndodoyi ndinadzisungira ine mwini, koma nditaiyesa ndinapeza kuti lamanzere linaiwala kalekale, lamanja nalo silinaphunzire bwinobwino. Ndiye ndimangonyamula za anzanga. Pakudya uziwamvera azakhali ako, ndi pakhomo pawo. Koma kuno usalilole dzanja limeneli kugona."

Dzinja lisanafike tinali titazolowera. Iwo ankakhala pachulu, kumbuyo kwanga, ine ndikumenya. Sitinkalankhula zambiri. Ndikamenya bwino ndinkatembenuka, iwo n'kungogwedeza mutu, basi ine tsiku limenelo ndakhuta.

Ndiye tsiku lina pochokera kusukulu ndinapeza chitseko chawo chili pululu, m'kati muli mbee. Miyendo inali itawavuta, abale awo anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Phalombe. Sitinatsanzikane. Ndodo ija anaitsamiritsa pakhoma pamene ndinkakonda kukhala. Ndinapitiriza kupita kudambo ndekha, ndipo mipira itatha kutayika m'mabango ndinabwerera ku zitsononkho. Za a Makwinja sindinamvenso.

Ndinakula, ndinapeza ntchito, ndipo bwalo limene iwo ankanyamulirako zikwama pano ndimaseweramo Loweruka. Mwezi watha ndinapita kukasankha ndodo zachitsulo zatsopano, poti zakaunjika zimene ndakhala nazo zatha ntchito. Mnyamata wogulitsa anakanda m'mutu.

"Amayi, zamanzere tilibe, mpaka tiitanitse ku Joni. Bwanji mungozolowera zamanjazi? Ambiri amatero."

Ndinamva ngati kansalu kaja kakundithina padzanja. "Itanitsani, achimwene," ndinamuyankha. "Ndidikira."

Azakhali sindiwasungira mangawa, ankandikonda m'njira imene ankaidziwa. Koma pano ndikumvetsa kuti a Makwinja sankandiphunzitsa gofu ayi. Ankapulumutsa dzanja langa, poti lawo linafa popanda wolilirira. Mpaka lero ndikamenya bwino ndimatembenuka kuti ndione ngati aona, koma kumbuyoko kumangokhala munthu wondinyamulira chikwama.