Mtsiro wa mng'ono wanga

Matipate atangoyamba kumene, galimoto yoyera inaima pasukulu imene ndinkaphunzitsa, kufupi ndi Kasakula. Tonse tinkayesa ndi achipani adzagawa nsalu. Koma munatuluka mayi wovala buluku, nyundo ili m'manja. Anati ndi katswiri wa miyala, ndipo akufuna munthu womuperekeza m'mapiri.

Ndinadzipereka msanga, poti Chizungu ndinkachitha. Mayiyo anatulutsa kamwala kakuda konyezimira n'kufunsa kumene kamapezeka. Amene anayankha ndi mng'ono wanga, yemwe ankagulitsa zitumbuwa pasukulupo, munthu woti analekeza Sitandade 4.

"Umenewo ndi mtsiro wozirira nyumba. Timakumba kukhwawa, kuseri kwa munda wathu wa fodya."

Sabata ziwiri zathunthu iye ankakwera galimoto ija, mpando wakutsogolo. Ine ndinkangoonera pawindo la kalasi, choko chili m'manja.

Loweruka lina ndinamupeza pamjigo, azimayi atamuzungulira.

"Akuti mtsirowu kalekale unali matope a pansi pa nyanja yakuya yamchere," ankafotokoza. "Tizamoyo tosaoneka ndi maso tinkafa n'kumamira m'matopemo. Kenako mitunda iwiri inasenderana mpaka nyanja inatsekeka. Matope aja anafinyika, anapsa, n'kusanduka miyala ya m'mapiri athuwa."

Ndinaseka mokweza. "Nyanja ku Ntchisi kuno? Sunamve bwino iwe, Chizungu chinakupita."

"Anandiuza m'Chichewa, akulu," anayankha mofatsa, n'kusenza ndowa yake. Palibe amene anaseka nane.

Lolemba ndinamuimitsa mayi uja, ndikufunitsitsa kuti atsutse. Sanatsutse ngakhale liwu limodzi. Anangowonjeza kuti, "Mng'ono wanu ali ndi maso. Amaona pamene mwala wapindika ife tisanatsike n'komwe m'galimoto." Ndinathokoza ndikumwetulira, koma mtima ukundiwawa. Tsiku limenelo zitumbuwa zake sindinagule.

Mayiyo atabwerera ku Lilongwe, nkhani ya nyanja ija ndinayamba kuiphunzitsa m'kalasi, ndipo ana ankaikonda kwambiri. Ndinkati ndinaiwerenga m'buku. Patapita zaka, mwana wamkazi wa mng'ono wangayo anafika m'kalasi mwanga. Anamvetsera nkhaniyo mpaka kumapeto, akundiyang'ana, osakweza dzanja.

Ndikudziwa kuti anakawauza amayi ake. Mng'ono wanga sanandifunsepo, ndipo inenso sindinayambitsepo nkhaniyo mpaka lero.