Malo Amene Ndinasiya ku Balaka

Anaganiza ndi akuluakulu, ine anangondiuza. Amayi anali atakhalitsa kunja kwa dziko, ku Coventry, akugwira ntchito ya unamwino, ndipo ndalama zinangokwana tikiti ya mwana mmodzi. Dalitso, mlongo wanga, anali wamng'ono kwambiri, ndiye adadi anati, "Upite ndiwe, Tiyamike, ukakhale ndi amako." Ndinavomera maso ali pansi. Mafunso amene ndinali nawo sindinawafunse. Nanga madzi azitunga ndani? Nanga Dalitso azimusambitsa ndani? Pakhomo pathu ku Balaka ntchito zimenezi zinali zanga, ndipo ndinkazikonda, ngakhale sindinauzepo munthu.

Ku Hillfields, dera lina la ku Coventry, timakhala m'kanyumba ka pamwamba pa shopu. Ndikulemba pano ndili pawindo lake, kunja kukuwaza kamvula kosatha kaja. Miyezi yoyamba amayi ankachoka kusanache, pobwera n'kugona pampando yunifolomu ili m'thupi. "Tiya, sabata ino ndili ndi ma long day, ndiziweruka usiku, uzidziphikira," ankatero. Ndinalibe womusambitsa, ndinalibe wondituma. Madzi ankangotuluka pampopi. Kusukulu ndinkakhala kumbuyo, ndipo zimene ndalephera kunena masana ndinkazilemba m'kope madzulo. Lamlungu adadi ankatumiza uthenga wa mawu pafoni. Ndinkaubwereza kangapo, chifukwa kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka mjigo ukulira. Tsiku lina anati, "Tamutenga Esinta, mwana wa azakhali ako, azikhala pano n'kumaphunzira konkuno. Za pakhomo usadandaule." Ndinadandaula.

Hoke ya pa ayisi, masewera ochinya zigoli ndi ndodo uku ukutsetsereka, ndinaiyamba chifukwa cha manyazi. Mnzanga wa m'kalasi anandilembetsa mu timu ya atsikana, ine n'kulephera kukana. Amayi anagwira shifiti yowonjezera kuti andigulire nsapato za kaunjika, zija zokhala ndi mpeni kunsi. Pondipatsa anaseka mpaka misozi. "Mwana wa ku Balaka pa ayisi! Ukathyoka mwendo usabwere ku wodi yanga, undichititsa manyazi."

Akochi athu ndi mayi wamtali, wa mawu osasa. Mmodzi akachedwa pokonzekera masewera, timu yonse imazungulira bwalo, iwo n'kumati kuchedwa kwa munthu mmodzi n'kwa tonse. M'masewerawa munthu sukhalitsa m'bwalo. Umathamanga ndi mphamvu zako zonse kwa kanthawi kochepa, kenako umatuluka, mnzako wa pabenchi n'kulumpha kampanda kulowa m'malo mwako. Akochi amati timu imapambana kapena kugonja pakampanda pamenepo, osati pagolo. "Wochinya zigoli ndingamupeze paliponse," amatero. "Ine ndikufuna mwana wotuluka nthawi yake ikatha, wolowa nthawi yake ikakwana."

Pamasewera anga oyamba, mnzathu anafika pakampanda ali wefuwefu, akukuwa dzina langa. Inali nthawi yanga. Koma pafupi nane panali Megan, kaputeni wathu, wamkulu kwa ine, ndipo kwathu mwana satsogola wamkulu ali pomwepo. Ndinasendera pambali n'kumulozera ndi dzanja kuti ayambe ndiye. Anangondiyang'ana kukamwa kuli yasa. Atsikana a timu ina anadutsa pampata wangawo n'kuchinya, ndipo tinagonja ndi chigoli chomwecho.

Ndinkadikira kukalipiridwa. M'malo mwake akochi anagwada patsogolo panga mpaka maso athu anakumana. Munthu wamkulu kugwadira mwana! Ndinasowa poyang'ana.

"Unkadikira chiyani?" anafunsa.

"Megan ndi wamkulu," ndinanong'ona.

Anapukusa mutu akumwetulira. "Pabenchi panga palibe wamkulu. Malo ako akakhala opanda munthu, ovutika ndi anzako. Usamadikire kuitanidwa kawiri. Uzilumpha."

Kuyambira tsiku limenelo ndimalumpha. Sindine katswiri, ndimagwabe, koma mpata sindisiya. Chimene sindinawauze akochi n'chakuti mawu awo anandibaya pena. Usiku uliwonse ndinkaona malo anga ku Balaka ali opanda munthu, adadi ndi Dalitso akuvutika chifukwa cha ine.

Tchuthi chapitachi tinapita kwathu, ine ndi amayi. Anatiphera nkhuku. Anandikhazika pampando wa alendo, uja wokhala ndi kansalu koluka, umene kale ndinkaupukuta osaukhalira. Esinta, amene ndinkamukumbukira ali kamwana kowonda ka kumudzi, anagwada n'kundithirira madzi m'manja. Dalitso anali atatalika. Anandipatsa moni ataima patali, ndipo atagwa panjinga anandidutsa ine n'kuthamangira kwa Esinta. Ndikagwira tsache adadi ankati, "Siya, mama, mlendo sasesa. Upume." Ndinadikira masiku ambiri kuti wina anditume, ngakhale kokagula mchere pa okala. Palibe ananditumapo.

Ndiye ndinasiya kudikira. M'mawa wina ndinadzuka onse ali m'tulo, ndinatenga ndowa ndi nkhata, ulendo wa kumjigo. Azimayi atandiona anawomba m'manja. "Taonani, azungu abwera kudzatunga! Khosi likadalipo koma?" Linalipo. Ananditwika, madzi ozizira n'kumandidonthera kumsana, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni ndinamva kuti ndafika.

Ndisanakhote panjira yolowera kwathu ndinakumana ndi Esinta akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Achemwali, tulani," anatero.

"Ayi, Esinta, ndi ntchito yanga iyi."

"Inali yanu." Anacheuka kuona ngati wina akumva, n'kutsitsa mawu. "Amalume akaona kuti madzi akufika pakhomo popanda ine, ndiye ine ndizikhalira chiyani pano? Kumudzi kwathu sekondale kulibe. Inu mubwerera ku ayisi kwanuko. Nanga ine?"

Ndikudziwa kuti adadi sangamubweze kumudzi. Koma ndimadziwa zimenezo chifukwa ndinabadwira m'nyumba imene ija. Iye anachita kubwera, ndipo m'mawa uliwonse amadzuka kukatsimikiza kuti akufunikabe. Nthawi yonseyi ndinkalirira malo amene ndinasiya, ndikuyesa kuti ali pululu kundidikira. Sanali pululu. Munali munthu, wamantha kuposa ine.

Ndinawerama, tinathandizana kuchotsa ndowa pamutu panga kuika pamutu pake. Ndinamupatsa ndi nkhata yomwe. Analowa pakhomo ali patsogolo, madzi osatayika ngakhale dontho, ine m'mbuyo manja ali lende, bulauzi itanyowa kumsana.

Adadi anali pakhonde akumvera wailesi. "Mwawayendetsa alendo, Esinta?"

"Eya, amalume. Amafuna akaone mjigo."

Ndinakakhala pampando uja. Patapita kanthawi Esinta anabwera ndi tiyi, n'kugwada. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinati zikomo.