Utali wa Kumtundu Kwathu

Kwathu kwa Katunga tinkadziwika ndi utali. Bambo anga ankachita kuwerama polowa m'tchalitchi, ndipo ine ndi mng'ono wanga tinatengera iwowo: miyendo ngati ya kakowa, zala zazitali, chifuwa cholowa m'kati. Anthu ankatiseka, ife n'kumaseka nawo. Bambo anagwa m'munda akunyamula thumba la thonje, osadzukanso. Mng'ono wanga anafera m'bwato pa Shire, nkhafi ili m'manja, asanakwatire n'komwe. Achibale ena anati tinalodzedwa, ena anati ndi mizimu ya ku Mozambiki komwe agogo anachokera. Ine ndinkangopitiriza kudula nzimbe kuesiteti, koma mtima ukagunda kwambiri ndinkatsitsa chikwanje n'kuyamba kumvetsera.

Chimene chinandipititsa ku Blantyre ndi maso. Ndinayamba kuona phesi limodzi ngati awiri, mpaka kudzitema pamwendo. Dokotala wa maso atandiyeza, anayang'anitsitsa manja anga, kenako ananditumiza kwa mnzake, mayi wina wofufuza za matenda akumtundu.

Mayiyo anandiuza kuti nditambasule mikono, n'kuiyeza ndi tepi ngati telala. Anafunsa za bambo, za mng'ono wanga, mmene anafera. Atandiunika pachifuwa ndi makina, anafotokoza mosathamanga kuti m'thupi muli ngati ulusi womanga mafupa, maso ndi mitsempha, ndipo wakwathu ndi wofooka chibadwire. Mtsempha waukulu wochoka mumtima umafutukuka pang'onopang'ono, tsiku lina n'kung'ambika, makamaka munthu akamagwira ntchito yolemetsa. Wanga unali utayamba kale. Anati iye ndi anzake akhala akufufuza zimenezi kwa zaka zambiri, moti masiku ano amatha kuuzonda mtsemphawo ndi kupereka mankhwala oti magazi asamaukankhe mwamphamvu.

"Muli ndi ana, bambo?" anafunsa.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anali atandifika kale paphewa ali ku pulayimale. Ndiye ankaponya zigoli pa mpira wamanja kusukulu kwawo, ndipo ine ndinkanyadira, ndikumauza anzanga kuti watengera ine.

Potsika phiri pobwerera, minibasi itayamba kulowa m'chitungu cha kuchigwa, sindinkaganiza za ine ayi. Ndinkangomuona iyeyo akudumpha padzuwa.

Mkazi wanga poyamba anakana zoti mwanayo akayezedwe. Anati mwanayo ali bwinobwino, tikukamufunira matenda dala. Tinakangana masiku angapo. Masiku amenewo ndinkapita kubwalo la sukulu n'kuima patali pansi pa mtengo wa nimu, thukuta lili kamukamu. Iye akadumpha, ine mpweya unkabanika; akatera, ndinkapuma. Tsiku lina anagwira pachifuwa atathamanga, mwina kungotopa chabe, ndipo ndinapezeka ndili pakati pa bwalo ndikumukoka dzanja, anzake akuseka. Mayi ake atamva zimenezo anavomera.

Pomuunika ndinali pomwepo. Pagalasi la makinawo sindinkaona chomveka, choncho ndinkayang'ana nkhope ya dokotala. Anatenga nthawi. Kenako anati mwanayo ali nacho, koma mtsempha wake sunafutukuke kwenikweni. Tabwera nthawi yabwino. Mpira aleke, mtolo wa nkhuni ndi ndowa yamadzi asasenzenso, azimwa mankhwala ndi kubwera kudzayezedwa chaka chilichonse.

Tili panja podikira basi, anandifunsa osandiyang'ana: "Ababa, ndiye kuti inenso ndidzangogwa ngati bambo aang'ono?"

"Iwo aja sankadziwa," ndinatero. "Iwe ukudziwa, ndipo pali okuyang'anira."

Za mpira anadandaula nthawi yaitali, osandilankhula bwino. Ine kuesiteti anandichotsa kodula, pano ndimatsekula madzi m'ngalande. Mankhwala ena amasowa kuchipatala chapafupi, timachita kufunafuna. Achibale ena mpaka lero amati tinangonamizidwa, ndipo mlongo wanga wa kwa Kasisi akukanabe kupititsa ana ake, ngakhale mmodzi wavala kale magalasi okhuthala.

Mwana wathu wachiwiri akadali wamng'ono. Dokotala anati tidikire akule pang'ono, mwina alibe. Mayi ake akamamusambitsa, ndimapezeka ndagwira kadzanja kake ndikuyang'ana zala, mpaka mkazi wanga amandichotsa dzanja n'kundiuza kuti ndimusiye mwana asambe.