Mitu Iwiri ya a January

A January amasula makasu ndi mbaula ku Chilobwe, kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango wosabereka. Ndinawadziwa chaka chimene ndinafika m'tauni, nditapita kukakonzetsa khasu langa la kudimba. Makolo awo anachokera kutsidya kwa Ruo. Kusula anaphunzira kwa agogo awo aamuna, amene pa unyamata wawo ankakonza mfuti za gogodela.

Moto ankaukoleza ndi gudumu la njinga lopukusa ndi dzanja. Mphepo inkadutsa mumpope wakuda, wautali ngati ndodo, ndipo potuluka inkalira pang'ono, ngati munthu wodwala chifuwa akamapuma.

Mdzukulu wawo Tamara amagwira ntchito ku Limbe. Iye ndi anzake awiri ankapanga masewera a pakompyuta onena za makedzana: wosewera amakhala ndi mudzi wake, amalima, amagula mfuti kwa amalonda ochokera kunyanja yamchere, n'kumalimbana ndi midzi ina. M'chilimwe cha chaka chimenecho ankabwera Loweruka lililonse ndi laputopu, n'kukhala pa chitini cha penti.

"Amuna anga, ndabwera," ankatero, mwa nthabwala ya agogo ndi mdzukulu.

"Akazi anga a mafunso! Shuga mulibe, mwangonyamula galasi lanulo?"

Ankamuyankha akumenya chitsulo. Osula akuno, iwo anati, sankatha kupanga mpope wa mfuti. Ankasema thupi lake lamtengo, kukonza kachitsulo kowombera, ndi kudula zipolopolo. Onga unkachokera kutali m'timigolo. Tsiku lina anasuzumira pagalasipo n'kuseka.

"Asilikali akowa akuwombera bwanji mvula ili pamutu? Onga ukanyowa ndi phala. Dzinja mfuti zinkagona, anthunso n'kugona. Udzu ukapsa, ndiye kunali kuthawira kuphiri."

Tamara anakonza. Kenako anafunsa mtengo wa mfuti imodzi.

"Mitu iwiri," anayankha, osadzutsa maso.

Okutobala anafika ndi nyenje zake. Utsi unkakwera m'mbali mwa phiri la Soche, ndipo a January anayamba kutsokomola kwambiri. Ndinalipo Loweruka limene Tamara anabweretsa masewera atatsala pang'ono kutha. Anadina, mfuti inalowa m'mudzi, mitolo iwiri inatuluka.

"Izi n'chiyani?"

"Mitu iwiri ija, agogo. Katundu wosenza pamutu. Ndaika thonje."

Gudumu linaima.

"Thonje sililira, Tamara."

A January anatiuza ali chikhalire. Agogo awo aja anali ndi mlongo wawo, dzina lake Ndaziona. Chaka china udzu utapsa, malume a Ndaziona anamupereka pamodzi ndi mwana wina wa pamudzipo kwa amalonda, n'kulandira mfuti imodzi. Thupi lamtengo la mfutiyo linadyedwa ndi chiswe kalekale. A January anakhudza mpope wakuda uja ndi phazi.

"Chotsala ndi ichi. Dzina la mwana winayo linapita ndi agogo anga. La Ndaziona latsala m'kamwa mwanga mokha, ndipo chifuwachi ukuchimva. Ulembe."

"Agogo, anzanga adzakana. Masewerawa tikufuna afike kusukulu. Adzati tikuopseza ana."

"Ndiye chotsani mfuti zonse. Azimenyana ndi mipini."

Tamara anatseka laputopu n'kupita osatsanzika. Loweruka lotsatira sanabwere, linzakenso ayi. A January sanamutchule, koma chitini cha penti ankachipukuta m'mawa uliwonse.

Tamara anabwera masana ena mitambo itadera cha ku Mpemba, fungo la mvula yoyamba lili kale m'fumbi. Nthabwala panalibe. Anaika laputopu pamiyendo ya agogo ake n'kudina. Mfuti inalowa m'mudzi. Anthu awiri aang'ono anatuluka m'nyumba zawo n'kutsata amalonda, zitseko zili pululu. Pamwamba pa woyamba panalembedwa kuti Ndaziona. Pamwamba pa wachiwiri panalibe kanthu.

"Anzanga avomera movutikira," anatero Tamara. "Koma taonani apa."

Atafika pamalire a mudzi, wopanda dzina uja anaima, n'kutembenuza mutu kuyang'ana kwa ife.

"Ndinajambula munthu mmodzi, winayo ndinangokopera. Onse amayenera kumangoyenda. Tafufuza masiku atatu, sitikuona chimene chikumuimitsa."

A January anayang'ana nthawi yaitali. Gudumu palibe ankaligwira, koma ine ndinamva mpope uja ukupuma. Mwina inali mphepo ya mvula.

"Akudikira kuti timuitane," anatero a January. "Pepa, mwanawe. Sitikulidziwa."

Anazula mpopewo m'phulusa, anaupukuta, naukulunga m'chitenje cha malemu akazi awo. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, tandibwerekeniko khasu lija."

Tinakumba pansi pa mango, madontho oyamba akugwa. Tamara ndiye anaponya dothi loyamba, akutchula dzina limodzi lija mokweza. Masiku ano moto wa a January umakolezedwa ndi paipi wamba wa madzi, ndipo salira.