Mlandu umene ndinawapangira amuna anga

Amuna anga anasiya kuyankhula chaka chimene anawakaniza pepala la usimiladu. Nthawi imeneyo Lichinga tinkaitchula kuti Vila Cabral, ndipo iwo ankalemba pa makina ku ofesi ina ya boma. Pepalalo ankalifuna koopsa, chifukwa munthu wakuda akalipeza ankawerengedwa ngati Mpwitikizi, ana ake n'kulowa sukulu ya azungu. Koma poyamba a boma ankabwera kudzaona ngati m'nyumba mwanu mumakhala chizungu. Tinagula meza, mipando iwiri ndi magarufu, mafoloko aja, ndipo kwa miyezi itatu ndinkathamangitsana ndi nyemba m'mbale.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mzungu woyendera nyumba anatulukira Lachitatu masana, amuna anga ali patsogolo, popanda ndi mthenga yemwe. Anandipeza pamphasa, miyendo tambalale, ndikudya mbatata ndi manja, pa meza nditaunjikapo chimanga chotong'ola. Ndinagwada n'kumulonjera m'Chinyanja chabwino kwambiri, Chipwitikizi chonse chitandithawa. Analemba pang'ono m'kabuku kake n'kutuluka.

Ndinkadikira kukalipiridwa, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Sanandikalipire. Ankabwera kuntchito, kukhala pampando, kuyang'ana khoma. Nsapato zimene ankazipukuta ngati mwana wakhanda zinachita fumbi. Chakudya ankangochigwira kawiri n'kusamba m'manja. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: "Palibe kanthu, mayi." Ndinawathirira dala mchere wambiri m'ndiwo kuti mwina adandaule, anangomwa madzi. Mwezi wa Juni unafika ndi kuzizira kwake, kolala ya malaya itayamba kuwakulira. Ndinachita mantha, ndipo ndinapsa mtima chifukwa cha manthawo.

Adzukulu anga masiku ano amati munthu akalemedwa mumtima apite kwa mlangizi akakhuthule. Ife alangizi tinali nawo, ankhoswe, koma ankhoswe sayendera chisoni, amayendera mlandu. Ndiponso mwamuna wa nthawi imeneyo sakanakhala pansi n'kunena kuti mtima ukundiwawa. Chokhacho chimene sakanachithawa ndi kuyankha mlandu wa m'banja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinaganiza zowapangira mlandu.

Ndinatuma mawu kumudzi kwathu ku Lione, kwa amalume awo, amene anali nkhoswe yawo, ndi kwa achimwene anga, nkhoswe yanga. Ndinati amuna anga asiya kudya chakudya changa, ndiye andiuze kumene akudya, apo ayi ndibwerera kwathu. Loyambalo linali loona. Za mkazi wina ndinkadziwa bwino kuti kulibe, pakuti munthu wosapukuta nsapato angakope ndani?

Anabwera Loweruka m'mawa. Amalumewo anali munthu wamfupi wosachedwa kuseka, koma tsiku limenelo anavala nkhope ya pamaliro. Mipando anaikana, onse anakhala pamphasa, ndipo amuna anga anakakamizika kutsika nawo. Ine ndinalongosola mlandu wanga mwaluso, ndinawonjezapo ndi kamisozi. Achimwene anga, amene sankadziwa kanthu, anafufuma ngati chule.

"Alamu, ngati mlongo wanga mwatopa naye, nenani. Njira ya ku Lione sinatsekedwe," anatero achimwene.

"Palibe kanthu," anayankha amuna anga.

Amalume anafwenkha fodya wawo mosapupuluma. "Mphwanga, palibe kanthu ndi yankho la kumsewu. Ife tasiya mbatata m'munda. Tikhala pano mpaka kanthuko kapezeke. Mkaziyo ndi wa kuti, wa ku Lulimile?"

Ndinaluma nsalu kuti ndisaseke. Kenaka amalume anangobwerera ku fodya wawo, osafulumira. Achimwene atafuna kuyankhulanso, amalume anawagwira bondo. Ine ndimayesa luso la nkhoswe ndi pakamwa. Tsiku limenelo ndinaona kuti lina ndi kudikira.

Amuna anga anayamba ndi mawu otsika, maso ali pamphasa.

"Mkazi kulibe, amalume. Tsiku lija mzungu atalowa muno, mkazi wangayu anagwada monga anaphunzitsidwira ndi amayi ake. Sanalakwe kanthu. Koma ine ndinachita naye manyazi. Mumtima ndinati bwenzi nditakwatira wina. Mawu amenewo sindinawatulutse, koma ndinawamva ndekha. Ndiye akandiikira chakudya, ndimaona manja omwe aja, ndipo chimandikanika kumeza. Munthu wochita manyazi ndi mkazi wake chifukwa cha pepala, adye bwanji za m'manja mwake?"

Kuseka kwanga konse kunathera pomwepo. Ndinali nditatchera msampha kuti ndigwire chisoni cha pepala, ndimati adzadandaula za anzawo a ku ofesi. Sindinkadziwa kuti m'katimo ndilimo ndine. Zinandipweteka, sindinama. Panthawi yomweyo ndinawamvera chifundo, poona kuti miyezi yonseyi akhala akudzizenga okha mlandu, woweruza iwo, mboni iwo, popanda wowapepesera.

Amalume sanapereke malangizo aatali. Anangoti, "Wanena, mphwanga. Chonenedwa chimapepuka." Kenaka anaimirira n'kuuza achimwene kuti akawaonetse kumsika. Potuluka anandiyang'ana ndi diso limodzi, ndipo ndinadziwa kuti bodza langa analiona asanachoke n'komwe ku Lione.

Tinatsala awiri pamphasa. Ndinawauza kuti za mkazi wina ndinapeka, ndinkangofuna kumva mawu awo. Anapukusa mutu, pakamwa pakufuna kumwetulira.

"Ndinu woopsa, mayi. Ndiye za kubwerera kwanu zija munapekanso?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere, tiseke, nkhani ithe. Koma munthu anali atangondiuza zoona zowawa, sindikanamubwezera bodza lina.

"Mukanapanda kuyankhula lero, bambo, ndikanapita."

Nditawamva mawuwo akutuluka, m'pamene nanenso ndinadziwa kuti anali oona.